Chidebe Chomwe Chinakana Kuchita Thovu

Ndiyambe ndi kunena kuti nsomba zina zinapulumuka. Ndikunena izi poyamba chifukwa anthu akamafotokoza nkhaniyi kuno ku Machinjiri, mbali imeneyi amaidumpha.

Ndili ndi damu limodzi la nsomba za makumba kudambo, kumunsi kwa nyumba, kumene kale tinkalima mpiru ndi nzimbe. Ndinalikumba ntchito itandithera kukampani ina ya ku Makata, kumene ndinasunga makiyi a sitolo zaka zambiri osasowetsa ngakhale bawuti imodzi. Eni madamu a nsomba m'dambo limeneli tilipo asanu ndi anayi, ndipo tili ndi kalabu. Pakati pa anzangawa ndinkadziwika ndi chinthu chimodzi: kusamala. Ndine munthu amene ndikakhoma chitseko ndimabwereranso kukachigwedeza. (Sindikudzitama. Mukafika kumapeto muona kuti palibe chodzitamira.)

Mdani wathu alimi a nsomba kuno ndi Juni. Chiperoni chikayamba madzi amazizira, nsomba zimasiya kudya, kenako zimatuluka zilonda m'mbali ndi tinthu toyera ngati thonje. M'mawa umazipeza zitatembenuza mimba. Chaka ndi chaka timatola, timakwirira, n'kumadikira Ogasiti.

Mu Epulo chaka chatha kunabwera mlangizi wathu wa za nsomba, Mayi Likoswe, mtsikana ndithu wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, koma wodziwa ntchito yake. Anatsika panjinga yamoto ndi chitini chimodzi chofanana ndi cha mkaka wa ufa, n'kuchiika pampando pakati pathu.

"Uwu ndi pulobayotiki," anatero. "Si mankhwala ayi, ndipo si matsenga. Mu ufa umenewu muli tizilombo tamoyo, tabwino, koma tagona. Mukatidzutsa tizilomboti n'kusakaniza ndi chakudya, timakakhala m'matumbo mwa nsomba. Nsomba imagaya bwino chakudya, chitetezo chake cha m'thupi chimalimba, ndipo tizilombo toyambitsa matenda timasowa pokhala."

"Ndiye kuti tiwete nsomba, tiwetenso tizilombo?" anafunsa a Makwinja. "Madeya ake omwewa, madamu?"

A Makwinja ndi mnansi wanga kudambo. Damu lawo lagundana ndi langa. Kale ankayendetsa minibasi ya ku Ndirande, ndipo pakamwa pawo mpaka lero sipanaphunzire kutsekeka. Chakudya cha nsomba amayeza ndi maso, ndipo tsiku lina ndinawaona akutsukira mapazi m'ndowa yomwe amasakaniziramo madeya.

Mayi Likoswe anafotokoza kakonzedwe kake, ine ndikulemba m'kope. Madzi a pachitsime malita asanu m'chidebe. Shuga supuni zinayi. Ufa supuni imodzi. Kuvindikira, kuika pamthunzi masiku awiri.

"Pamwamba pakachita thovu, n'kumveka kafungo kosasa ngati thobwa la dzulo, ndiye kuti tadzuka. Muwaze pamadeya, mudyetse nsomba."

Chitini chinali chimodzi chokha, chokwanira damu limodzi mpaka kutha kwa Juni. Bungwe lomwe linapereka linati tiyesere kaye. Kumapeto kwa Juni tonse tidzasonkhane padamu loyeseralo, ndipo zikadzaoneka bwino, chaka chotsatira aliyense wa m'kalabu adzalandira chake. Funso linali lakuti chitinicho chipite kwa yani.

Maso onse anatembenukira kwa ine.

"Chipite kwa bambo awa," anatero a tcheya. "Amenewa ngakhale mchere wa m'ndiwo amayeza."

"Apatseni abusa!" anawonjezera a Makwinja. (Sindine m'busa. Ndine mkulu wa mpingo chabe, koma a Makwinja sasiyanitsa.)

Anthu anaomba m'manja. Ndinalandira chitini ndi manja awiri. Ndinapita nacho kunyumba nditachikulunga m'jekete, ngati ndanyamula khanda.

Tsopano ndikuuzeni za lamulo la pakhomo panga. Chaka cha kolera chija, mayi a kunyumba anadwala. Ndinawathamangitsira kuchipatala ali lobodo, ndipo ndinakhala masiku anayi kunja kwa tenti osadziwa ngati ndibwerera nawo. Anachira. Koma chichokereni nthawi imeneyo, palibe madzi amene amalowa pabwalo panga osathiridwa klorini. Akumwa, otsukira mbale, osamba, onse. Kabotolo kake ndimayenda nako m'thumba la malaya. Chitsime chathu chili kudambo, ndipo kumtunda kwake kuli zimbudzi za phiri lonse. Ndikangotunga madzi pamenepo, dzanja limapita lokha kuthumba, mutu osafunsidwa.

Inu amene mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita, khalani chete. Ine zinanditengera miyezi iwiri.

Tsiku loyamba ndinatenga chidebe chatsopano. Ndinatunga madzi, ndinathira klorini, ndinayeza shuga, ndinayeza ufa ndi supuni n'kusalaza pamwamba ndi mpeni. Ndinavindikira, n'kuika kuseri kwa khitchini pansi pa mtengo wa mapeyala. Patatha masiku awiri ndinavundukula. Madzi anali phee, oyera, ufa utakhala pansi ngati mchenga. Ndinanunkhiza. Fungo linali la m'chipatala.

M'kope ndinalemba kuti: Thovu, palibe.

Ndinawazabe pamadeya n'kukadyetsa nsomba. Shuga sindikanataya.

Ndinakhala pansi n'kuganiza monga munthu wa sukulu. Chinthu chikakanika, pamakhala pomwe pasokonekera. Ndinafika pa mfundo yakuti chidebe chatsopano chimabwera ndi dothi la m'sitolo. Ndinachitsuka ndi sopo, kenako ndinachiviika m'madzi a klorini wambiri tsiku lonse. Ndipo kuti pasakhale chikaiko, m'madzi atsopano aja ndinathira zitsekero ziwiri za klorini m'malo mwa chimodzi.

Thovu, palibe.

Sabata yachitatu Mayi Likoswe anaimba foni.

"Zikuyenda, bambo?"

"Zikuyenda."

"Thovu likubwera bwinobwino?"

"Tikuyesetsa."

Limeneli silinali bodza lenileni. Ndinkayesetsadi. Ndikanangonena kuti madamu, kuno zikukanika, bwerani mudzaone, nkhaniyi ikanathera pomwepo, chitini chikadali chodzaza. Koma m'makutu mwanga munkamvekabe m'manja muja. Munthu amene anakuimika pamaso pa anthu kuti ndiwe wosamala kuposa onse, umamuuza bwanji kuti ukulephera kusakaniza shuga ndi madzi?

Pagulu lathu la pafoni anzanga anayamba kupempha chithunzi cha thovu. Ndinayankha kuti kamera ya foni yanga ili ndi vuto. (Ili nalodi. Galasi lake linang'aluka. Koma imajambula.)

Meyi atalowa, m'mawa kunayamba kuzizira. Ndinati mwina ndi chimenechi, tizilomboti tikumva chisanu. Ndinafunditsa chidebe bulangete lakale. Palibe. Ndinachiika padzuwa. Palibe. Pamapeto pake ndinakoleza mbaula, ndinatsanulira zonse mumphika kuti zifunde pang'ono. Nditaima pamenepo ndinaganiza kuti popeza zili kale pamoto, kuwiritsiratu n'kwabwino, chifukwa madzi owiritsa ndiwo odalirika. Zinabwata. Pamwamba panachita thovu.

Ndinasangalala kwa mphindi ngati zitatu. Nditaphula, thovu linatha.

Mayi a kunyumba amaphika mandasi ogulitsa pamsika wa pafupi. Tsiku limenelo anandipeza ndikuyang'ana mumphika.

"Nanga mphika wanga wa nyemba ukutani pamenepo?"

"Ndi za nsomba."

"Nsomba zayamba kumwa tiyi?"

"Ndi za sayansi, amayi. N'zovuta kufotokoza."

Anandiyang'ana, anayang'ana mphika, anati, "Mukautsuke," n'kulowa m'nyumba. Pa zolakwa zanga zonse, yankho lija ndilo limandipweteka kwambiri ndikamakumbukira.

Kenako ndinayamba kuwonjezera ufa. Supuni ziwiri. Supuni zitatu. Ndinati mwina tizilombo tikakhala tambiri tilimbikitsana. Chitini chinayamba kupepuka, ndipo ndikachigwedeza chinkalira. Masamba a kope anadzaza ndi mawu awiri okha aja, tsiku ndi tsiku, m'malembo okongola.

Madzulo ena dzuwa lisanalowe ndikudyetsa nsomba, a Makwinja anaima pamlambala wa damu lawo.

"Abusa! Ziweto zanu zija zadzuka?"

"Zikudzuka."

"Tigawireniko kasupuni kamodzi. Nafenso nsomba zathu zili ndi matumbo."

"N'za kalabu, a Makwinja. Zili ndi ndondomeko."

"Kasupuni kamodzi, madala. Mulungu akuonani."

Anandivutitsa masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinawapungulira kasupuni kamodzi m'kapepala ka nyuzi, kuti ndipume. Kunena zoona ndinali nditaganiza kale mumtima kuti ufawo ndi wakufa. Ndinali nditakonza ndi mawu oti ndidzanene tsiku la chionetsero: kuti ine ndinatsatira zonse, kope nali, koma zikuoneka kuti chitinichi chinakhalitsa kumene chinachokera. Mawuwo ndinkawayeserera ndikusamba. Ankamveka bwino.

Patangopita masiku atatu, ndinamva kukuwa kuchokera kudambo.

"Abusa! Tabwerani mudzaone zodabwitsa!"

Ndinatsika. A Makwinja anali atanyamula chigubu chodula pakamwa, chomwe kale chinali cha mafuta ophikira. Chinali chakuda m'mbali, chosatsuka. Pamwamba pake panali thovu lokhuthala, likuphulikaphulika pang'onopang'ono, ndipo fungo linali lija lomwe Mayi Likoswe ananena. Thobwa la dzulo lenileni.

"Munapanga bwanji?" ndinafunsa.

"Kupanga chiyani? Ndinangotunga madzi apa, shuga wa m'dzanja, kaufa kanu kaja, basi. Ndinaiwalanso kuti ndinaika. Chanu ndiye chikusefukira, eti?"

"Chikuyenda."

Ndinakwera kubwerera kunyumba. Ufa sunali wakufa. Mawu anga onse aja anathera pomwepo. Chotsala chinali chimodzi: vuto linali ine, ndipo sindinkadziwa kuti pati. Ndinawerenga kope kuyambira tsamba loyamba. Madzi, shuga, ufa, chivindikiro, mthunzi. Za klorini munalibemo. Munthu salemba kuti lero ndapuma mpweya.

Juni anafika ndi chiperoni chake. Phiri la Ndirande linasowa m'nkhungu sabata yathunthu. Nsomba zanga zinayamba kuzemba chakudya. Kenako ndinaona imodzi ikusambira chammbali, ili ndi chilonda chofiira pafupi ndi mchira. Mawa lake zinayandama zinayi. Ndinazivuula m'mamawa anthu asanatsike, n'kuzikwirira pansi pa nthochi. Tsiku lotsatira, zina.

Chionetsero chinaikidwa Lachinayi lomaliza la mweziwo. Lolemba lake ndinavundukula chidebe chomwe chinali chitakhala masiku atatu. Phee. M'chitini munali mutatsala supuni imodzi yokha, yoti ukokolole.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chomwe sindingachiikire kumbuyo.

Masana mayi a kunyumba ali kumsika, ndinalowa m'khitchini kukafuna machesi. Pashelefu panali paketi yawo ya yisiti wa mandasi, yomanga ndi kalabala. Ndinaiyang'ana. Ndinakumbukira mmene mtanda wawo umatupira m'beseni, mmene timadzi ta yisiti timachitira thovu m'kapu. Ndinatuluka. Ndinabwereranso. (Ndine mkulu wa mpingo, ndanena kale. Lamlungu lapitalo ndinali nditalalikira za miyeso yachinyengo.)

Ndinathira supuni zitatu m'chidebe chija. Ndinawonjezera shuga wosayeza, koyamba m'moyo wanga. Ndinaponyamonso madeya odzaza manja awiri kuti zioneke zamphamvu. Ndinavindikira, ndinabwezera paketi pamalo pake, kalabala ndinamanga mmene kanaliri.

Pofika madzulo chivindikiro chinali chitatukuka. Thovu linkatsika m'mbali mwa chidebe mpaka pansi. Ndinaima pamenepo ndikuonerera. Miyezi iwiri ndinalidikira thovu limeneli, ndipo ngakhale ndinkadziwa kuti ndi lakuba, mtima unakhala m'malo. Ndinajambula ndi kamera yowonongeka ija n'kutumiza pagulu. Anzanga anayankha ndi tizithunzi ta manja oomba. A tcheya analemba kuti, "Tinadziwa ife."

Lachiwiri ndinawaza pamadeya, ndipo nsomba zomwe zinali ndi mphamvu zinadyako. Lachitatu fungo linasintha. Silinalinso la thobwa la dzulo. Linali la thobwa la sabata yatha, lija lomwe limayendetsa anthu chokhota. Linadzaza bwalo lonse mpaka kumsewu. Bambo wina wodutsa, amene sindimudziwa n'komwe, anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati tayamba kugulitsa.

Mayi a kunyumba anaima pakhomo la khitchini manja ali m'chiuno.

"A bambo a Tamanda, mwayamba kufulula?"

"Ndi za nsomba."

"Amayi a kumpingo akubwera kuno Loweruka kudzapemphera. Ndidzawauze kuti ndi za nsomba?"

"Pofika Loweruka zidzakhala zitatha."

Pamenepo ndiye ndinanena zoona.

Lachinayi anthu anasonkhana padamu langa cha m'ma teni koloko. A kalabu onse, akazi awo ena, ndi anthu a m'mudzi ongobwera kudzaonerera. Mayi Likoswe anafika ndi bambo wina wa kubungwe lija, wovala jekete la matumba ambiri, atanyamula kope lalikulu. Mayi a kunyumba anabwera ndi beseni la mandasi, poti pamene pali anthu pali msika. Ine ndinali nditavuula zakufa m'mawa, koma pamene a tcheya ankatsegula ndi pemphero, ina inayandama pakati penipeni pa damu, mimba yoyera kumwamba. Onse anaiona.

Ndinabweretsa chidebe. Nditavundukula, amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo, ndipo amuna awiri amene anali kumbuyo anasendera kutsogolo.

Mayi Likoswe anawerama, ananunkhiza, n'kudzuka msanga akutsokomola. A Makwinja sanadikire kuitanidwa. Anaviika chala, analawa, anatseka maso. Anaviikanso.

"Madamu," anatero, "ine za tizilombo sindidziwa. Koma izi ndimazidziwa. Uwu ndi mowa. Wapsanso bwino. Abusa, dzanja muli nalo!"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi paudzu. Bambo wa kubungwe uja analemba kenakake m'kope mwake.

Mayi Likoswe sanaseke. Anandiyang'ana mwaulemu ndithu.

"Bambo, ufa watsalako?"

"Supuni imodzi."

"Chabwino. Tiyeni mutionetse mmene mumakonzera, kuyambira poyamba. Muchite mmene mumachitira masiku onse."

Apa ndinalimba mtima pang'ono. Kakonzedwe kanga kanalibe chilema, ndipo ndinafuna kuti onse aone. Ndinatenga chidebe china choyera. Ndinapita pachitsime, anthu akunditsatira. Ndinatunga, ndinayeza malita asanu ndi botolo. Ndinayeza shuga. Kenako dzanja linapita kuthumba la malaya, ndinatulutsa kabotolo, ndinathira m'chitsekero, ndinakweza kumwamba kuti ndione ngati chadzaza bwino, n'kutsanulira m'madzi. Ndinathiranso chachiwiri. Nditatenga supuni ya ufa ija, ndinamva dzanja likundigwira pamkono.

"Imani kaye, bambo. Mwathira chiyani?"

"Klorini."

"Masiku onse?"

"Osaphonya," ndinayankha. Ndipo ndinayankha monyadira.

Mayi Likoswe anatenga supuni ija m'manja mwanga pang'onopang'ono, monga mmene umalandira mpeni kwa munthu amene sakudziwa kuti wagwira kuthwa kwake.

"Bambo, klorini ntchito yake ndi chiyani?"

"Kupha tizilombo."

"Nanga mu ufawu ndinati muli chiyani?"

Bayoloje ndinakhoza bwino ndithu kusekondale, ndipo nthawi yomweyo yonse inabwerera, mochedwa ndi miyezi iwiri. Koma munthu akamamira amagwira ndi udzu womwe.

"Azaumoyo amati amapha tizilombo toyambitsa matenda," ndinatero. "Iti n'tabwino."

"Klorini alibe maso, bambo. Safunsa kuti iwe ndiwe wabwino kapena woipa."

"Ali ngati apolisi a pamsewu," anatero a Makwinja. "Minibasi ili yonse n'njolakwa."

"Tsiku lina ndinawiritsanso," ndinawonjezera. Sindikudziwa chomwe ndinanenera zimenezi. Palibe anandifunsa. Ndikuganiza kuti munthu ukayamba kulapa, zimangotuluka.

Mayi Likoswe anagwira pachipumi. "Nanga thovu ili lachokera kuti?"

Ndinayang'ana damu. Ndinayang'ana phiri. Yankho linachokera kumbuyo, kubeseni la mandasi.

"Yisiti wanga!" anatero mayi a kunyumba. "Ndimadabwa kuti paketi yapepuka bwanji. Ndinakalipira mnzanga wapamsika kuti ndiye anatapa!"

Anadutsa pakati pa anthu n'kudzaima patsogolo panga.

"Ndiye za sayansi zanu zija n'zimenezi? Zovuta kufotokoza? Bambo inu, zaka zonsezi simunaone kuti madzi a yisiti ndimasunga padera m'ketulo? Ndimawiritsa, ndimadikira azizire, klorini wanuyo sayandikira. Mtanda sungatupe. Mukanangondifunsa!"

"Simunandiuze."

"Ndikanakuuzani kuti m'nyumba mwanu muli madzi opanda klorini, mukanagona?"

Sindikanagona.

Mayi Likoswe anayesa kundipepuza, ndipo ndimawathokoza. Anauza anthu kuti klorini wa m'madzi akumwa tisasiye, ameneyo ndi moyo wathu. Anati nawonso analakwitsa posanena za klorini tsiku lija, kungoti sanaganizepo kuti munthu angatetezere nsomba ku madzi a pachitsime pamene nsombazo zikukhala m'matope. Anatinso palibe angalumbire kuti tizilombo tija tikanadzuka nsomba zonse zikanapulumuka, chifukwa chisanu n'chisanu. Kenako anayang'ana chidebe cha mowa chija n'kupukusa mutu.

"Chodabwitsa n'chakuti yisiti naye ndi wamoyo, ndipo kwina amapatsa nsomba. Ndiye kuti pa miyezi iwiri yonseyi, bambo, chamoyo chokha chomwe nsomba zanu zalandira ndi yisiti wa amayi."

Bambo wa kubungwe anatseka kope lake. Anati kuyesa kwa chaka chimenecho sikungawerengedwe, ndipo za zitini za aliyense ziyembekeze kaye, tidzayeserenso chaka chamawa padamu limodzi. Apa kuseka kunatha. Ndinaona nkhope za anzanga asanu ndi atatu, anthu amene adzalowenso Juni wina opanda kanthu chifukwa cha ine. A tcheya sanandikalipire. Anangoti, "Mukanatiuza, bambo." Bola akanakalipa.

Supuni yotsala ija inapatsidwa kwa a Makwinja. Chitini cha chaka chino chinapitanso kwa iwo, ndipo chigubu chawo chakuda chija chikuchita thovu mpaka lero. Chidebe cha mowa ndinakakhuthula kudzenje la zinyalala, amuna awiri aja akundichonderera kuti ndiganize bwino. Nsomba ndinakwirira zambiri, mpaka ndinasiya kuwerenga. Kumpingo nkhani inafika ine ndisanafike, ndipo ndinakhala m'chipinda cha akulu a mpingo ola lathunthu ndikufotokoza kusiyana kwa kufulula ndi kunama. Anagwirizana kuti changa chinali chachiwirichi. Sindikudziwa ngati ndinapindula.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, koma mu Seputembala Mayi Likoswe anaimbanso foni. Anati akukaphunzitsa kalabu ina ku Bangwe za ufa womwewu, ndipo aona kuti anthu samva bwino akangouzidwa zoyenera kuchita. Amamvetsa akaona munthu amene zinamuchitikira. Anapempha kuti ndiwaperekeze.

Ndinafuna kukana. Mayi a kunyumba anati ndipite, ndikabweze ngakhale pang'ono zomwe ndinawonongera anthu. Ndinapita. Ndapitanso ku Chilomoni ndi ku Chilobwe. Mayi Likoswe amafotokoza za matumbo a nsomba ndi chitetezo cha m'thupi, kenako amati, "Tsopano timve kwa bambo awa." Ndimaimirira ndi kope langa, n'kuwerenga tsamba ndi tsamba. Anthu amaseka malo omwewomwewo. Ine ndinatopa nayo nkhaniyi, koma ndimainena yonse, osadumpha.

Ku Bangwe kuja, titamaliza, bambo wina wachikulire, wa tayi, anandikokera pambali. Anati iyenso ndi wa udindo kumpingo kwawo, msungichuma, ndipo nkhani yanga yamukhudza kwambiri. Ndinamva bwino mumtima. Ndinati mwina manyazi angawa apulumutsa damu la munthu. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Akulu, yisiti uja munati supuni zingati?"

"Zitatu," ndinayankha. "Madeya manja awiri."

Ndinali nditakwera kale minibasi ya ku Limbe pamene ndinakumbukira kuti bambo uja sanafunseko chilichonse chokhudza nsomba.